Ng'ombe yotuluka mafinya musaiike umuna

Miyezi yapitayi ndayenda m'makola ambiri a ng'ombe za mkaka ku Thyolo ndi ku Chiradzulu, ndipo dandaulo ndi limodzi: "Alangizi, taika umuna katatu koma sikutenga bere." Ndikakweza mchira ndimapeza mafinya atauma pamenepo. Umuna sunalakwe ayi. Mukuuthira m'chibelekero chodwala.

Kwa thupi la ng'ombe yaikazi, umuna ndi mlendo. Ukangolowa, chibelekero chimaitana asilikali a m'magazi kuti adye tizilombo tolowa nawo komanso mbewu za umuna zotsala. Pa ng'ombe yabwino asilikaliwa amachuluka mbewu zamphamvu zitadutsa kale. Koma chibelekero chikakhala chotupa, amakhala ali pomwepo kale ochuluka, akulimbana ndi matenda, ndipo sasankha. Mbewu zimathera panjira. Ngakhale imodzi ifike pa dzira, kamwanako sikakhazikika m'malo a mafinya.

Kutupaku nthawi zambiri kumayambira pobereka. Nsengwa ikachedwa kutuluka, anthu mpaka lero akuikoka ndi manja osasamba, ena kumangirirapo mwala kuti igwe. Tidzasiya liti zimenezi? Mukung'amba chibelekero n'kulowetsamo tizilombo nokha.

Bambo wina anandilondola mpaka pamalo osonkhanitsira mkaka, atakwiya, akuti woika umuna akumudyera ndalama. Nditafunsa, ng'ombeyo itabereka nsengwa inakhala masiku anayi isanatuluke, iye n'kuitanitsa umuna mwezi usanathe. "Inkakwera zinzake, alangizi, ndikanatani?" Ndinamumvera chisoni chifukwa ng'ombe ndi imodzi yomweyo. Koma taganizani: ikaphonya, mudikira masiku ngati 21 kuti ifunenso nkhunzi. Kuphonya katatu ndi miyezi iwiri yatayika, pamwamba pa miyezi 9 ya bere, uku mkaka ukuchepa m'ndowa, madeya mukugulabe, ndipo kachubu kalikonse ka umuna mwalipira.

Nsengwa ikapitirira tsiku limodzi, kapena ng'ombe ikasiya kudya n'kumanunkha kumbuyo, itanani dokotala wa ziweto, musaikoke. Ikabereka dikirani masiku 45 mpaka 60. Chikazi cha ng'ombe yokonzeka chimakhala choyera mbee ngati madzi a dzira, chonanda; chikakhala ndi mafinya, ichiritsidwe kaye. Mukaiona ikuima kuti zinzake ziikwere m'mawa, umuna uikidwe madzulo ake, kumbuyo kwake kutapukutidwa bwino. Ikaphonya kachitatu, iyezedwe musanalipirenso.