PCC safuna madzi, koma inu mukumumwetsa

Chiyambire dzinja lino, magulu angapo a ophunzira m'labotale yathu abwera kwa ine ndi dandaulo limodzi: anathira PCC (pyridinium chlorochromate, mankhwala a chromium) mu hexanol, imene ndi alcohol, kuti apeze aldehyde yake, hexanal, koma chimene chatuluka chikununkha tonde. Hexanal imanunkhira ngati udzu womweta kumene. Fungo la mbuzilo ndi la hexanoic acid, kusonyeza kuti oxidation (ulendo wochoka pa alcohol, kufika pa aldehyde, kenako asidi) yapitirira pamene imayenera kuima.

Mankhwalawo alibe mlandu. Akatswiri a chemistry Corey ndi Suggs atalemba za PCC mu 1975, ubwino wake unali woti primary alcohol, monga hexanol, imakaima pa aldehyde. Koma imaima pokhapokha ngati m'flask mulibe madzi. Madzi akalowa, aldehyde imawagwira n'kukhala hydrate, ndipo chromium amaiyesa alcohol ina, n'kuipitiriza mpaka kukhala asidi.

Madziwo mumabweretsa ndinu. Mumatsuka flask pampope, kuikutumula kawiri, basi mwati yauma. Dichloromethane, yosungunulira mankhwalawa, mumatunga m'botolo limene lakhala kukamwa yasa chiyambire mvula. Wina ndinamupeza akuuzira m'flask ndi pakamwa, ati iume msanga! Mwazolowera Jones reagent, mankhwala ena a chromium amene amagwira ntchito m'madzi a sulfuric acid, ndipo kumeneko mumafunadi kuti alcohol ifike pa asidi. Kuno ayi. Tsiku latha, hexanol yatha, chimene mwapindula ndi phala lakuda bii lomatirira pansi pa galasi, komanso zotsala za chromium(VI), amene amayambitsa khansa ndipo sitingamukhuthulire mu sinki.

Malume anga anafululitsa masese a dima. Mvula inakakamira, olima sanabwere, mbiya inakhala yosavundikira masiku angapo. Tsiku limene anabwera, mowa unali utasasa moti woyamba kulawa analavula, ndipo mizere inatsala yosapalira. Kumeneko ndi mpweya ndi tizilombo zimene zinasandutsa ethanol kukhala acetic acid, koma ulendo wake ndi womwewu. Mpaka lero malumewo amati mlandu unali wa chimera.

Ndiye umitsani magalasi mu uvuni, aziziritseni mu desiccator (chotengera chotseka chopanda chinyezi). Dichloromethane igonere pa molecular sieves (timiyala toyamwa madzi). PCC wa 1.5 equivalents (kamodzi ndi theka poyerekeza ndi moles a hexanol) ndi wokwanira; musakanizeni ndi Celite (ufa wosefera) kuti phala lija lisagwire galasi. Onani TLC (mayeso osonyeza ngati alcohol yatsala), alcohol ikatha sefani pa silica pomwepo. Zotsala zonse m'botolo la chromium, ndipo muvale magolovesi.