Kuchotsa Mchenga Wokhulira M'timaenje ta Miyala

Posalaza miyala ndi makina ozunguza mgolo, kanjere kamodzi kokha ka mchenga wokhulira wa silicon carbide wa nambala 60/90, umene ndi wokhakhala wa gawo loyamba, kakabisala m'kadzenje ka mwala n'kudzatuluka pa gawo lomaliza lowalitsira, kamakanda miyala yonse ya mumgolo, ndipo ntchito ya milungu ingapo imapita pachabe. Miyala ya agate, monga ya ku Ngabu, nthawi zambiri imakhala ndi timaenje totere.

Chachikulu n'chakuti miyala isaume. Mukangotsegula mgolo, ikhuthulireni m'sefa yapulasitiki imene mwaika pamwamba pa ndowa, muitsukuluze, kenako muiviike m'madzi oyera, chifukwa phala lotuwa la mchenga ndi madzi la mumgolomo likaumira m'kadzenje limalimba ngati simenti. Pa chifukwa chomwecho, musalithire musinki, lingatseke mapaipi.

Tsopano tengani mwala umodziumodzi, muukweche ndi mswachi wakale ndi sopo, mukuuyang'anitsitsa padzuwa. Pamene mwaona kadontho kotuwa pansi pa kadzenje, tokosani pang'onopang'ono ndi singano, ndipo mupoperepo madzi mwamphamvu ndi sirinji kufikira atatuluka oyera. Ntchito imeneyi imafuna kudekha, koma ine ndimaona kuti ndiyo yofunika kuposa zonse.

Mukatero, tsukani mgolo ndi chivundikiro chake, mubwezeremo miyala ndi madzi pamodzi ndi supuni imodzi ya sopo wopala wopanda mafuta onunkhira, ndipo makina azungulire maola awiri kapena atatu. Madzi akatuluka otuwa, bwerezaninso.

Mwala wa kadzenje kakuya kwambiri ubwerere ku gawo loyamba kufikira kadzenjeko katafafanizika, apo ayi, muupatule usalazidwe paokha.