Momwe mungagawire malo pakati pa migodi ndi nkhalango m'boma la Lilongwe

Aliyense wokonza mapulani a kagwiritsidwe ntchito ka malo m'boma la Lilongwe ayambire pa madzi, chifukwa mtsinje wa Lilongwe umachokera m'nkhalango ya Dzalanyama, yomwe idayamba kutetezedwa mu 1922, ndipo madamu awiri a Kamuzu ku Malingunde, amene amamwetsa mzinda, amadalira mtsinje womwewo. Choncho jambulani kaye pa mapu akasupe, madambo ndi timitsinje tonse tothira m'madamuwo, ndipo mulembe kuti malo amenewa asakumbidwe ngakhale pansi pake patapezeka miyala ya mtengo wapatali.

Mukatero, tulukani mu ofesi mukayende ndi mafumu pamodzi ndi makomiti a malo amene lamulo la malo a makolo la 2016 lidakhazikitsa. Iwo ndi amene akakuonetseni manda, dambwe, msipu wa ng'ombe ndi kotola nkhuni, zinthu zimene chithunzi chojambulidwa kuchokera m'mwamba sichionetsa. M'midzi yambiri ya kuno mitengo yachilengedwe idatsala kumanda kokha, ndipo mlendo angaganize kuti ndi tchire lopanda mwini.

Malo a migodi abwere pambuyo pake. Ku Kasiya kudapezeka miyala ya mtengo wapatali yotchedwa rutile ndi graphite, ndipo ku Malingunde, kufupi ndi madamu, kulinso graphite. Lamulo la zachilengedwe la 2017 limafuna kuti ntchito zotere ziunikidwe zisanayambe, ndipo bungwe la boma loteteza chilengedwe la MEPA ndi limene limavomereza lipoti la kuunikako. Lipotilo muliwerenge ndi mafunso m'manja: madzi otsukira miyala adzatungidwa kuti, matope otsala adzasungidwa mbali iti ya mtsinje, nanga dothi lapamwamba adzaliika padera kuti minda idzabwerere kwa eni ake? Mayankho alembedwe m'pangano, pakuti za pakamwa pa msonkhano zimaiwalika.

Musaiwale makala, mchenga ndi mauvuni a njerwa, amene amadya malo mwakachetechete. Asilikali adatumizidwa ku Dzalanyama mu 2015, komabe njinga za makala sizinaleke kulowa mumzinda m'mamawa. Patulani malo odzala mitengo yokula msanga kunja kwa nkhalango, ndiponso malo ovomerezeka okumba mchenga amene sagumula magombe.

Mapulaniwo akambidwe m'makomiti a chitukuko a m'midzi (VDC) ndi a m'dera la mfumu yaikulu (ADC) asanapite ku khonsolo, ndipo mapu ake apachikidwe kubwalo la mfumu yaikulu atalembedwa m'Chichewa.