Momwe mungayendere ndi sewero m'masukulu ndi m'midzi ya ku Mangochi

Gulu lathu la zisudzo limayenda ndi Macbeth, sewero la William Shakespeare lomwe ana a Fomu 4 amakumana nalo pa mayeso a MSCE. M'ma CDSS ambiri ana angapo amadalira buku limodzi, ndiye akaona nkhaniyo ndi maso, imakhazikika m'mutu.

Yambani ndi kulidula sewerolo, ola limodzi ndi theka likwanira. Ku sukulu siyani mawu ofunika pa mayeso m'Chingerezi, kumudzi sewerani m'Chichewa. Ngati mukulowera ku Namwera, Katuli kapena Makanjira, pakhale mmodzi wodziwa Chiyao bwino woti azifotokoza pakati pa zigawo. Kulimbirana ufumu, komwe ndi nkhani yaikulu m'seweroli, oonera safuna kuchita kuuzidwa, amakudziwa kale.

Zovala musasoketse zonse. Kaunjika wa pa boma ali ndi majekete akuda okwanira, malupanga mpala matabwa akusemerani. Obwereketsa masipika samalani nawo: ena amakuonetsani zabwino, tsiku lonyamula n'kukupatsani zong'ambika mawu. Yesani pomwepo, lipirani theka, theka linalo pobweza.

Tsopano nkhani ya tsiku ndi amfumu, pomwe ife tinapsa. Ulendo wathu woyamba kumudzi tinatuma mnyamata wina kuti akatipemphere bwalo, tinamupatsa ndi ya ulemu wa amfumu. Tinakwera mapiri a Chowe pa matola, kufika Lachisanu cha m'ma 12 koloko. Pabwalo tinapeza ana ndi mbuzi basi, akuluakulu onse ali ku mzikiti kokaswali Juma. Amfumu atatuluka anati sanamvepo kanthu. Choipitsitsa, anthu ataona atsikana athu atatu atadzola makala ngati mfiti za m'seweroli, mphekesera zinayamba kuyenda. Tinabwerera osasewera, ya matola itapita.

Ndiye pitani nokha, awiri kapena atatu, kutatsala masabata awiri. Khalani pansi, fotokozani kuti m'sewero muli mfiti, kuphana ndi mzukwa, koma palibe gogo wa m'mudzimo amene akulozedwa chala. Nkhani za ufiti zavulazitsa okalamba ambiri m'dziko muno, si zopita nazo mwachibwana. Tsiku asankhe ndi amfumu. Lachisanu masana ayi, mwezi wa Ramadan ayinso, ndipo kunyanja ngati ku Malindi funsani nthawi imene asodzi amakhala ali kumtunda. Ulendo wachiwiri amfumu omwewo anamema mudzi okha, bwalo linadzaza.

Ku sukulu n'kosavuta: kalata kwa ahedi, kenako gwirizanani ndi aphunzitsi a Chingerezi, makamaka teremu yachiwiri mayeso asanayandikire.

Yambani cha m'ma 3 koloko, dzuwa la kuno si locheza nalo. Tengani madzi ambiri. Nthawi ya mvula msewu wa ku Makanjira muuiwale. Pomaliza siyani mphindi 20 za mafunso, ana amafunsa kwambiri za Lady Macbeth, mkazi wa Macbeth.