Ana ayamba sukulu ndipo mukufuna geni: nayi njira ya chiponde kuno ku Mchinji

Kholo limene lakhala pakhomo zaka zingapo likulera ana, likaganiza zoyambanso kupeza ndalama, limathamangira kufunsa kumene lingapeze mpamba. Musanafike pamenepo, werengani kaye maola anu. Kwa sabata imodzi lembani m'kope nthawi imene manja anu amakhala opanda ntchito. Ana a Sitandade 1 ndi 2 amaweruka dzuwa lisanafike pamutu, a kumkaka nawonso chimodzimodzi, choncho makolo ambiri amapeza kuti ali ndi maola 3 kapena 4 okha m'mawa. Geni yofuna kukhala pabenchi kumsika tsiku lonse, monga ya tomato kapena kaunjika, siyikwana m'maola amenewo, ndipo tomato akagona masiku atatu chifukwa mwana wadwala malungo, mpamba waolera m'dengu. Mukufunika katundu amene mungapangire pakhomo masiku awiri pa sabata, wosawonongeka msanga, amene mungamukaperekere kwa ogula nthawi yanu. Kwa ife a ku Mchinji, kumene mtedza uli pakhomo pomwe, chiponde chimakwanira zonsezi.

Kugula ndi kusunga mtedza

Phindu la chiponde limapangidwa pogula. Mtedza umatsika mtengo pokolola, kuyambira mu Epulo mpaka mu Juni, ndipo umakwera kwambiri mvula ikayandikira, pamene alimi akusaka mbewu. Amene amagula wa sabata imodzi imodzi chaka chonse, akafika mu Disembala amapeza kuti akugwirira ntchito mavenda. Ngati mpamba ulipo, gulani wa miyezi ingapo nthawi yokolola m'misika monga ya Kamwendo, Mkanda, Kapiri kapena Waliranji, kapena kwa alimi a m'mudzi mwanu amene mukudziwa mmene amaumitsira.

Gulani wa makoko. Umasungika nthawi yaitali kuposa wosenda, komanso mumapewa vuto lalikulu: anthu ena amawaza madzi pa mtedza kuti makoko afewe posenda, ena amatero kuti ulemere pasikelo, ndipo mtedza wotere umayamba chuku m'thumba. Wouma bwino umalira mukaugwedeza, njere yake imathyoka kuti thyo mukailuma, ndipo khungu lake limachoka mukaifikisa ndi zala. Pa makilogalamu 10 a makoko yembekezerani makilogalamu 6.5 mpaka 7 a njere. Ngati mukugula pasikelo ya wina, nyamulani paketi ya shuga ya kilogalamu imodzi yosatsegula, muyiyike pasikelopo musanayambe kukambirana mtengo.

Pa mitundu, CG7 wofiira uja ali ndi mafuta ambiri, njere zake n'zofanana kukula, motero amapsa mofanana ndipo chiponde chake chimakhala chofewa popanda kuthira mafuta ophikira. Chalimbana ndi wokoma, koma chiponde chake chimauma pang'ono. Musasakanize mitundu m'chiwaya chimodzi, chifukwa njere zazing'ono zimapserera zazikulu zisanapse m'kati.

Matumba akhale olowa mpweya, asanjidwe pamatabwa kapena pamitengo, osakhudza pansi kapena khoma, m'chipinda chosadontha. Sendani wokwanira ntchito ya sabata imeneyo basi, ndipo posenda madzi asayandikire.

Chuku

Apa m'pofunika kufatsa, chifukwa ambiri odya chiponde chanu adzakhala ana a msinkhu wa ana anu omwe. Chuku chimene chimamera pa mtedza wonyowa kapena wobooka chimasiya poizoni wotchedwa aflatoxin. Poizoni ameneyu amawononga chiwindi, akadyedwa kwa zaka amatha kuyambitsa khansa ya chiwindi, ndipo amathandizira kuti ana apinimbire. Kukazinga sikumuchotsa. Moto umapha chukucho koma poizoni amatsala m'njere, ndipo njere zochepa zoipa zikagayidwa pamodzi ndi zabwino, zimaipitsa botolo lililonse.

Chitetezo chanu ndi kusankha ndi manja, kawiri. Koyamba mukangosenda: yalani mtedza palichero poyera pali kuwala, chotsani wonyala, wobooka, wosintha mtundu, womera, ndi uliwonse wokhala ndi ufa wobiriwira kapena wakuda. Kachiwiri mukakazinga n'kuchotsa khungu, chifukwa njere zina zimaoneka bwino kunja koma zikavula zimaonetsa mawanga akuda kapena achikasu kwambiri. Wotayidwawo musausinjire nsinjiro za pakhomo, musaupatse nkhuku kapena nkhumba. Ukwirireni. Pamakhala chiyeso choti mugule mtedza wosankhidwa kale ngati woipa umene amagulitsa motchipa kumsika. Ameneyo ndi matenda oikidwa m'botolo, ndipo mtengo wake wotsika usakukopeni.

Kukazinga, kupeta ndi kugaya

Kazingani makilogalamu 2 kapena 3 pa ulendo umodzi m'chiwaya chokhuthala, pamoto wa makala wofatsa, mukutakasa osaleka kwa mphindi 20 mpaka 30. Moto waukali umapsereza kunja m'kati muli mwawisi, ndipo chiponde chake chimawawa komanso chimanunkha uwisi. Kuti mudziwe kuti wapsa, swani njere imodzi pakati: m'kati mukhale mofiirira pang'ono mofanana mpaka pakatikati. Phulani usanade, chifukwa umapitiriza kupsa ndi kutentha kwake komwe. Uyaleni msanga pamalichero kuti uzizire. Ukaunjikidwa m'beseni uli wotentha umachita thukuta.

Ukazizira fikisani ndi manja oyera kuti khungu lichoke, petani, ndiye sankhani kachiwiri kuja. Khungu likatsala lambiri chiponde chimachita timadontho tofiira ndipo chimawawira kukhosi.

Mchere ukhale magalamu 10 pa kilogalamu iliyonse ya mtedza wokazinga, wosalala bwino, wothiridwa musanagaye. Shuga si wofunika, koma ngati ogula anu amamufuna, magalamu 20 mpaka 30 pa kilogalamu ndi wokwanira. Muyeso umene mwasankha ulembeni ndipo musausinthe, pakuti wogula amabwerera akapeza kukoma komwe anakupeza mwezi watha.

Poyesera kilogalamu imodzi kapena ziwiri, mtondo ndi munsi zikwanira. Mukafika pa makilogalamu 10 pitani ku chigayo cha chiponde. Onani kuti makinawo ndi oyera komanso ouma, funsani zimene agaya inu musanafike, ndipo chiponde choyamba kutuluka chiyikeni padera chifukwa chimakankha zotsalira za mnzanu amene mwina sanasankhe mtedza wake. Kugaya kawiri kumachisalalitsa. Makina anuanu musagule mpaka mutagulitsa miyezi itatu mosalekeza, ndipo pogula muganizire za kuzima kwa magetsi.

Mabotolo

Mdani wa chiponde ndi madzi. Dontho lotsala m'botolo kapena pasupuni limayambitsa chuku pamwamba. Tsukani mabotolo ndi sopo, muwatsukuluze ndi madzi otentha, muwavundikire pamalo oyera mpaka aumiretu, makamaka dzulo lake. Chiponde chikachoka kuchigayo chimakhala chotentha, choncho chidikireni chikhale chofunda musanatseke, apo ayi nthunzi isanduka madzi pansi pa chivundikiro. Pothira gogodani botolo patebulo kuti mpweya utuluke.

Pakapita masabata angapo mafuta amayandama pamwamba. Sikuwonongeka kumeneko, ndi mmene chiponde chopanda mankhwala chimachitira, koma ogula ena amadabwa, ndiye lembani papepala la pabotolo kuti atakase asanadye. Palembedwenso dzina la geni yanu, zimene zili m'katimo, kulemera kwake, tsiku lopangira ndi nambala ya foni. Pangani chongokwanira kutha m'miyezi iwiri kapena itatu, ndipo chisakhale padzuwa, pakuti mafuta ake akatenthedwa amasintha fungo.

Kuti chilowe m'masitolo akuluakulu chiyenera kuyezedwa ndi kuvomerezedwa ndi a Malawi Bureau of Standards (MBS), amene amaona za aflatoxin ndi ukhondo wa malo opangira. Mukadali pa makasitomala a pafupi, yambani ndi kukaonana ndi a zaumoyo a m'dera lanu komanso a khonsolo kuboma za chiphaso cha geni. Dzina la bizinesi limalembetsedwa ku ofesi ya boma yolembetsa mabizinesi, ndipo pepala limenelo lidzafunika mukadzafuna akaunti ya bizinesi kubanki.

Kuwerengera mtengo

Pa makilogalamu 10 a mtedza wosenda, mukachotsa woipa, khungu ndi chinyezi chotuluka pokazinga, mumatsala ndi chiponde cha makilogalamu 8 kapena kupitirira pang'ono. Amenewo ndi mabotolo 32 a magalamu 250. Tiyerekeze ndi mitengo yongopangira chitsanzo, inu muyikepo ya kumsika kwanu lero: mtedza K30,000, makala K3,000, chigayo K4,000, mabotolo K12,800, mchere ndi mapepala K2,200, kabaza K3,000. Zonse ndi K55,000, kutanthauza kuti botolo limodzi lakudyerani pafupifupi K1,720. Mukagulitsa pa K2,300 mupeza K73,600, phindu ndi K18,600. Ambiri amaiwala makala ndi kabaza chifukwa amazilipira kuchokera m'thumba la pakhomo, ndiye amadabwa kuti geni ikuyenda koma ndalama sizikuoneka.

Mtengo wogulitsira uzitsatira mtengo umene mudzagulire mtedza wina. Umene munagulira wakalewo usakusocheretseni. Kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, amene anapitiriza kugulitsa pamitengo yakale anamaliza katundu yense ndalama zili m'manja, koma atabwerera kokapikula zinangokwanira gawo la katundu amene anali naye.

Mpamba ndi ndalama za pakhomo

Yambani ndi zanu, ngakhale zitakhala za makilogalamu 3, kapena mtedza wa m'munda mwanu umene muuwerengere pamtengo wa kumsika. Banki m'khonde ndi yabwino posunga, koma pobwereka chitani masamu. Ngati gulu lanu limadula 20 peresenti pamwezi, K55,000 ibala K11,000. Mukamapanga kamodzi pamwezi, pa phindu la K18,600 mutsala ndi K7,600 yokha. Mukamapanga sabata iliyonse n'kumagulitsa chonse, ngongoleyo ikhoza kubwezedwa mosavuta. Choncho bwerekani mutadziwa kale mabotolo amene amatuluka pa sabata. Katapila musamuyandikire n'komwe. Ngongole zokulirapo monga za bungwe la boma lobwereketsa ndalama za geni kapena za ma SACCO muziganizire mukakhala ndi kope la miyezi ingapo losonyeza zolowa ndi zotuluka.

Geni zambiri za pakhomo zimafera mumphika wa ndiwo. Lero K1,000 ya matemba, mawa ya sopo, mkuja ya chipepeso, pakutha pa mwezi mpamba wapita popanda amene waba. Dziikireni malipiro a pa sabata ochokera pa phindu, ndipo a pakhomo adziwe kuti zothandizira banja ndi zimenezo. Mpamba ukhale pa nambala yakeyake ya Airtel Money kapena TNM Mpamba. Nkhaniyi mukambirane ndi amuna anu kapena akazi anu geni isanayambe, pamodzi ndi ya amene aziona ana tsiku lokazinga, chifukwa chiwaya chamoto ndi mwana wokwawa siziyenera kukhala pakhonde limodzi. Achibale ndi anansi adzapempha ngongole. Ikani malire poyera, monga botolo limodzi lolipidwa asanatenge lina, ndipo lembani iwo akuona.

Ogula ali kuti

Yambani ndi anthu a malipiro a pamwezi: aphunzitsi, a kuchipatala, apolisi, a m'maofesi kuboma. Pitani ndi kabotolo kolawitsa ndi timasupuni toyera, lembani maoda pakati pa mwezi, kaperekeni malipiro akatuluka. Amayi a kusikelo ya ana, a kumvano ndi a m'magulu a WhatsApp a kutchalitchi kapena kusukulu ndi msika wina wosafuna thiransipoti. Maokala amatenga pamtengo wopikulitsa, ndiye aikireni mtengo umene ukusiyirani phindu ndipo musasiye mabotolo oposa 6 malo amodzi mpaka aonetse kuti amalipira. Njere zosweka koma zabwino zisinjeni nsinjiro, zimagulidwa msanga nthawi ya chisoso ndi nkhwani. Za ku Lilongwe kapena ku Chipata kudzera pachipata cha Mwami zidikire mpaka chiphaso cha MBS chitapezeka.

Ngati mtima uli pa ntchito yolembedwa

Geni siyiletsa kufunsira ntchito, ndipo kope lanu la malonda ndi umboni woti simunangokhala. Pa CV lembani zaka zimene munali pakhomo mosabisa, mzere umodzi wonena kuti munkalera ana, kenaka zimene munkachita nthawi imeneyo monga usungichuma wa banki m'khonde kapena ukomiti wa sukulu, ndi kuchuluka kwa ndalama kapena anthu amene munkayang'anira. Anamwino ndi azamba ayambe afunsa ku Nurses and Midwives Council of Malawi zoyenera kuchita kuti chiphaso chawo chikhalenso chogwira ntchito. Amene satifiketi ya MSCE inatayika alembere ku MANEB ku Zomba nthawi ikadalipo, osadikira tsiku la intavyu. Maphunziro afupiafupi a luso monga kusoka amapezeka kudzera ku TEVETA, ndipo a ofesi ya zantchito kuboma angakuuzeni kumene akuchitikira pafupi. Pezani anthu awiri okuchitirani umboni amene anakuonani mukugwira ntchito posachedwa, muwadziwitse musanalembe maina awo. Uthenga uliwonse wa pafoni wonena kuti mutumize ndalama kuti dzina lanu lilowe pamndandanda wa olembedwa ntchito ndi wa akuba, musatumize kanthu.