Mazombi atalowa mu Mzuzu muno, chida choyenera kugwira ndi chiti?

Ukafunsa anthu 10 funso limeneli, ambiri ayankha chinthu chimodzi, mfuti. Wina akuti AK-47, wina mpaka akuti iyeyo angothamangira ku Moyale Barracks kukapempha asilikali amugawireko. Ine ndikukana, ndipo ndikufuna ndifotokoze bwinobwino chifukwa chake komanso zomwe munthu wa ku Chibavi, Zolozolo kapena Mchengautuba akuyenera kusankha mmalo mwake. Mazombi kulibe, tonse tikudziwa, koma musaiwone ngati nkhani yachibwana. Mu 2011 bungwe la CDC la ku America, lomwe ntchito yake ndi kulimbana ndi matenda ndi miliri, linatulutsa malangizo a mmene anthu angakonzekere kubwera kwa mazombi, cholinga chinali choti anthu aphunzirepo kukonzekera ngozi zenizeni ngati mphepo zamkuntho ndi miliri. Nde munthu amene waganiza mofatsa za nkhaniyi waphunzira zambiri zothandiza.

Choyamba mudziwe mdani wanu. Sitikunena ndondocha zomwe agogo athu amakamba zija, zoti munthu amuchotsa m'manda kuti azikagwirira ntchito mwini wake usiku, ayi. Tikunena mtundu umene unatchuka ndi filimu ya George Romero ya 1968, Night of the Living Dead, mitembo yoyenda, yodya anthu, yomwe siimva kupweteka ndipo siima pokhapokha ubongo wake uwonongeke. Mafilimu ambiri obwera pambuyo pake anawonjezera kuti matendawo amafala polumidwa ndipo mazombi amatsata phokoso, ena amayenda mokhwekhwereza miyendo pomwe ena amathamanga kwabasi. Mukasunga zimenezi m'mutu, kusankha chida sikuvutanso, mukufuna chinthu chosasokosa, chosatha ngati zipolopolo, chopepuka moti mutha kukwera nacho chitunda cha ku Masasa osapuma kawiri, ndipo chomwe dzanja lanu likuchidziwa kale.

Tiyambe ndi mfutiyo. Kulira kwa mfuti kumapitirira ma decibel 140 pa muyezo wa kukula kwa phokoso, nde tangoganizani, tauni yonse ili zii, magetsi kulibe, ma minibasi aima, zigayo sizikulira, inu mwaomba kamodzi ku Katoto. Mwaitana chilichonse choyenda kuchokera ku Chiputula mpaka Chibanja. Mzinda uno unali ndi anthu oposa 220,000 pa kalembera wa 2018, pomwe magazini imodzi ya AK-47 imalowa zipolopolo 30 basi ndipo mfutiyo ikadzaza imalemera makilo opitirira 4. Kuwonjezera apo kulasa mutu wa chinthu choyenda, iwe ukunjenjemera, kunja kuli nkhungu ya mmamawa ija timaidziwa kuno, si zinthu zoti munthu amene sanaphunzitsidwe angakwanitse. Amene ungamulase mosavuta ndi mnzako amene ali pambali pako. Komanso kuno mfuti siumangokhala nayo, pamafunika laisensi, nde ambiri a ife ngakhale kuikoka sitidziwa. Asiyireni asilikali ndi apolisi omwe anaiphunzira.

Chikwanje, eya, apa nde tayamba kulankhula. Pafupifupi nyumba iliyonse chilipo, sichifika ndi kilo imodzi, ndipo chimagwira ntchito zina zambiri, kudula nkhuni, kulambula njira m'tchire, kusadza nkhuku, kutema nsungwi zomangira. Koma posankha samalani. Mukapita ku hadiweya kapena ku Zigwagwa musangotenga chonyezimira, chigwireni kumapeto mukhotetse pang'ono, chikapindika nkukhala chomwecho ndi chachabechabe, chabwino chimabwerera pamalo pake. Onaninso chogwirira, chitsulo chikuyenera kulowa mpaka kumapeto kwa chogwiriracho ndipo timisomali take tikhale tolimba osati togwedezeka. Mukafika nacho kunyumba kulungani chogwirira ndi mphira wa chubu chakale cha njinga ngati mmene amachitira odula nkhuni, chifukwa dzanja likanyowa ndi thukuta kapena mvula chikwanje chimapulumuka, kenako boolani kabowo mumangepo chingwe cholowetsa pamkono. Ndipo mwala wonolera uziyenda nacho limodzi, chikwanje chobuntha ndi katundu wongolemetsa.

Vuto la chikwanje ndi loti chimakanirira. Amene anasadzapo mbuzi kapena ng'ombe akudziwa, ukatema fupa mwamphamvu nthawi zina chimalowa nkukana kutuluka, nde iwe uli pakalikiliki kuchisolola wina wakufika kale kumbuyo. Chachiwiri chimamwaza magazi, ndipo ngati matendawo ali m'magazi simukufuna akugwereni m'maso kapena m'kamwa. Nchifukwa chake ine ndimati chikwanje chikhale chida chachiwiri, cha m'chiuno, osati choyamba.

Choyamba chikhale chibonga. Pankhani iyi tiphunzire kwa Angoni, omwe anawoloka Zambezi mu 1835 motsogozedwa ndi Zwangendaba ndipo ena anadzakhazikika ku Mzimba konkuno. Mukaonera ingoma, kaya ku mwambo wa Umthetho pa phiri la Hora, muona chishango dzanja limodzi, chibonga kapena mkondo dzanja linalo, ndipo si zokongoletsa gule chabe, ndi mmene ankamenyera nkhondo. Chibonga sichifuna kunola, sichikanirira, sichilira, kulemera kwake konse kuli kumutu nde ngakhale munthu wochepa thupi amamenya nacho mwamphamvu. Chishango nacho anthu amachiiwala kwambiri pokamba za mazombi, pomwe mdani amene chida chake ndi mano ndi zikhadabo basi, chishango chimamuthetsa nzeru, mumangomukankha nacho agwe inu nkudutsa. Mulibe cha chikopa? Chivundikiro cha mgolo kapena chidutswa cha pulayiwudi chomangidwa zogwirira kumbuyo chikwanira.

Ngati chibonga chenicheni simuchipeza, mpini wa piki kapena wa khasu ulowa mmalo. Apa nkhani ndi mtengo wake. Kuno matabwa a paini a ku Chikangawa ali paliponse ndipo ndi otchipa, koma paini ndi wofewa, amathyoka msanga, musamudalire. Bulugamu wouma bwino ndi wabwinoko, muwanga nde ndi wolimba zedi ngati mungaupeze. Mpini ukhale wotalika kufika m'chiuno mwanu, wopanda mng'alu, wopanda mfundo pakati chifukwa pamfundo ndi pomwe umadzathyokera tsiku lomwe mukuufuna kwambiri.

Pagulu lililonse pakhalenso munthu mmodzi kapena awiri okhala ndi chinthu chachitali, mkondo kapena mtengo wa mamita awiri wokhala ndi mphanda kumapeto. Wa mphandawo ndimaukonda kwambiri, sufuna luso, umangolowetsa pachifuwa kapena pakhosi nkukankha, chinthucho sichikufika olo chitatambasula manja. Pa mpanda, pa geti, pa windo la mabagala, mkondo ndi mfumu. Koma m'tinjira topanikizika ta pakati pa nyumba ku Salisbury Line kapena m'kati mwa msika, chinthu chachitali chimakola paliponse, nde wa mkondo asamayende yekha opanda wa chibonga pambali pake.

Pali chitsulo china chomwe ndikufuna aliyense achiganizire, chija akalipentala amazulira misomali, chopindika kumutu. Chimalemera kuposa chibonga, zoona, koma sichithyoka, ndipo tsiku limenelo vuto lanu lalikulu likhala zitseko zokhoma, mageti, maloko, osati kumenyana. Chimodzi pagulu chakwana.

Nkhwangwa yayikulu ya ku sitolo ija, ayi, pokhapokha muli munthu wozolowera kuwaza nkhuni tsiku ndi tsiku. Mukaphonya kamodzi imakukokerani kutsogolo, ndipo mukamenya kakhumi manja afooka. Yakumudzi ija, yosulidwa ndi amisiri athu, mpeni wake wolowa pa mutu wa mpini, ndi yopepuka ndipo imamvera dzanja, kungoti muziiyang'ana pafupipafupi chifukwa imaguluka mpini ukauma. Khasu nalo musalinyoze makamaka kwa amayi ndi azigogo omwe alima nalo moyo wawo wonse, dzanja lawo likulidziwa kuposa mmene mnyamata wa m'tauni angadziwire lupanga lomwe wangoliona pa TV. Musi ndi wolemera kwambiri kuyenda nawo, usiyeni kunyumba mutsekere chitseko.

Chainsaw ija amachekera mitengo, iwalani. Phokoso lake ndi lalikulu, imafuna petulo yemwe ngakhale masiku abwinobwino timamuimira pa mzere, ndipo ikakudumphira imadula mwendo wanu womwe. Moto nawonso ayi ndithu. Zombi yoyaka siifa pompo, imangoyendabe ikuyaka, nde m'malo omwe nyumba zili zothithikana, zina za matabwa, mungaotche dera lonse ndi ana omwe abisala m'nyumba. Uta ndi mivi ndi zabwino kwa mlenje amene anakulira nazo, kwa enafe ndi kutaya nthawi.

Koma legeni tengani. Siipha zombi, musadzinamize, ntchito yake ndi ina. Poti zinthuzi zimatsata phokoso, mwala umodzi woponyedwa pa denga la malata patali uko umazikokera konko inu nkudutsa mbali inayi mwakachetechete. Miyala siitha, mphira ndi wa chubu chomwe chija, imalowa m'thumba la buluku, ndipo njala ikavuta mbalame ya ndiwo ipezeka. Imeneyi mutha kuwapatsa ana okulirapo, amalasa bwino kuposa ife akuluakulu.

Tsopano zovala, chifukwa chida chabwino chilibe phindu ngati mkono uli pamtunda. Munthu akakuukirani mumatchinga ndi mkono, nde pamenepo ndi pomwe mano amayambira kufika. Pitani pa kaunjika mupeze jekete ya leza kapena ya jinzi yokhuthala, magolovesi a ntchito, ndi nsapato zotseka mpaka m'kakolo. Mwayi wathu kuno ndi kuzizira, mu Juni ndi Julaye munthu utha kuvala zolemera tsiku lonse osavutika, zomwe anzathu a ku Karonga kapena Nsanje sangakwanitse. Ngati ndalama palibe, kulungani katoni kapena manyuzipepala okhuthala kuyambira pa dzanja mpaka pa chigongono mumange ndi tepi kapena mphira. Helemeti ya kabaza wa njinga yamoto ndi yabwino koma imatseka makutu ndi maso a m'mbali, ine ndingavale potuluka kukatenga zinthu pokha. Magambutsi amateteza koma pothamanga pa matope oterera a kuno nthawi ya mvula amakugwetsa, sankhani nsapato za mano pansi zomanga ndi zingwe.

Musanyamule zonse. Ili ndi vuto lomwe ndimaona anthu akamalemba mndandanda wawo, chikwanje, nkhwangwa, mkondo, mipeni isanu, ngati ali ndi manja 8. Kumbukirani kuti lita imodzi ya madzi ndi kilo imodzi, ndipo malangizo a CDC aja amati munthu mmodzi asungire galoni imodzi patsiku, pafupifupi malita 4. Onjezani ufa, bulangeti, mankhwala, mwina mwana kumsana. Munthu mmodzi zida ziwiri basi, china m'manja china m'chiuno, zotsalazo gawanani pagulu malinga ndi mphamvu ndi luso la aliyense. Ndipo njinga yakapalasa ikhale pafupi, siilira, siifuna mafuta, imadutsa pomwe magalimoto atsekana pa M1, ndipo wakabaza aliyense akuuzani kuchuluka kwa katundu yemwe kaliyala imanyamula.

Mukasankha, yesani. Dulani thunthu la nthochi muliimike kuseri kwa nyumba, menyani ndi chida chanucho ka 20 motsatizana muone ngati mukupumabe bwino. Ngati phewa layamba kuwawa musanafike pakati, chalemera, pezani chopepuka. Ngati dzanja latuluka matuza, konzani chogwirira. Koma chonde zida izi zizikhala kunyumba ngati zipangizo za ntchito, osayenda nazo m'tauni, apolisi akakupezani ndi chikwanje usiku sakufunsani za mafilimu ndipo akhala akulondola.

Pali chinthu china chomwe sindingachisiye, chimandikhudza kwambiri. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinafala ku Mulanje, Phalombe ndi maboma oyandikana nawo, anthu anatenga zikwanje ndi zibonga zomwezi nkuika malodibuloko m'misewu, ndipo anthu osalakwa anaphedwa, mpaka bungwe la UN linachotsako antchito ake kwa kanthawi. Palibe namapopa amene anapezeka. Nde abale anga, tsiku lina mukadzalandira voisi pa WhatsApp yoti kwatuluka anthu oluma anzawo, munthu amene akudzandira mumsewuyo ndi woledzera, kapena wadwala khunyu, malungo aakulu, shuga yatsika, kapena matenda a maganizo. Ameneyo akufunika chipatala. Lowani m'nyumba ngati mukuopa, imbirani apolisi, chida chikhale pansi.

Matenda enieni ofala polumidwa omwe tili nawo kuno ndi chiwewe, ndipo zizindikiro zikangoyamba pafupifupi aliyense amamwalira. Galu akakulumani kapena kuluma mwana, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri oyenda kwa mphindi 15, musalimange ndi mankhwala achikuda, kenako pitani kuchipatala tsiku lomwelo mukayambe katemera ndipo mumalize majakisoni onse omwe akuuzani. Agalu anu akunyumba nawonso azibayidwa katemera wa chiwewe chaka chilichonse.