Momwe mungadziwire chomwe chikuchedwetsa intaneti yanu ya satelayiti musanataye ndalama pa rauta ina

Ambiri tikangomangirira dishi padenga timathamangira pa Speedtest, tikaona 150 Mbps basi screenshot pa status, koma mawa lake tikudandaula kuti Zoom ikudukaduka. Nambala yaikuluyo ndi bandwidth, imangokuuzani kuchuluka kwa data yomwe ingadutse pa sekondi imodzi. Latency ndi nkhani ina, ndi nthawi yomwe uthenga umatenga kupita ndi kubwerako, imayezedwa mu ms (ma millisecond, 1,000 ms ndi sekondi imodzi) ndipo ambiri timangoti ping. Lole ya matani 30 imanyamula matumba ochuluka koma mukaiwala kiyi ku Area 25 simutuma lole, mumaitana wa kabaza. Kudawuniloda filimu kumafuna lole, call ndi magemu zimafuna kabaza.

Choyamba dziwani kaye satelayiti yanu ili kuti. Ma VSAT akale aja, ambale zikuluzikulu, amaloza satelayiti yomwe ili pa 35,786 km, nde uthenga ukwere, utsike, yankho likwerenso litsikenso, ping imakhala cha m'ma 600 ms ndipo palibe fundi angaichepetse, ndi mtunda basi. Starlink yomwe inayamba kugwira ntchito kuno mu 2023 ma satelayiti ake ali cha m'ma 500 km, nchifukwa chake ping imatsika kwambiri, ngakhale zimadaliranso komwe signal ikutsikira pansi ndi komwe kuli server yomwe mukuifuna. Server ya ku London siingayankhe ngati ya ku Johannesburg.

Chachiwiri yezani muli pafupi ndi rauta, pa wifi ya 5GHz kapena pa waya, ena onse m'nyumbamo athimitse kaye wifi pa mafoni awo. Kuyezera kuchipinda kuseri kwa makoma awiri a njerwa nde mukuyeza makomawo osati dishi. Lembani manambala atatu, download, upload ndi ping. Mwa njira, Mbps si MB, gawani ndi 8, ngati mwapeza 80 Mbps fayilo iziyenda 10 MB pa sekondi.

Chachitatu, apa mpomwe ine ndinapusa. Lowani pa fast.com, ikamaliza dinani Show more info, muona latency ziwiri, unloaded ndi loaded. Yoyambayo ndi ping mzere uli phee, yachiwiri ndi ping mzere utadzadza. Ine ndinkangoyang'ana yoyamba, ili bwinobwino, koma ikangokwana 7 madzulo call ndi kasitomala mau anga amafika mochedwa mpaka tonse kumayankhula nthawi imodzi, kenako tonse chete, kenako tonse "pitirizani". Ndinapita mtauni kwa mkulu wina wogulitsa zamafoni anandiuza motsimikiza kuti bwana vuto ndi rauta, tengani iyi ya tinyanga sikisi. Ndinapereka ndalama yoti ndikanalipira mwezi wathunthu, risiti osandipatsa, kufika kunyumba zinthu chimodzimodzi. Kubwerera kuti andibwezere akuti katundu akatuluka sabwerera. Musamagule kwa anthu oti bokosi ndi lotsegula kale ndipo akukuuzani kuti ndi booster ya satelayiti, kulibe chinthu chotero, rauta imangofalitsa wifi m'nyumba.

Vuto lenileni linali upload. Pa satelayiti upload imakhala yochepa kwambiri poyerekeza ndi download, nde madzulo aliyense akafika kunyumba mafoni onse amayamba okha kukweza zithunzi ndi mavidiyo ku Google Photos, wina akutumiza vidiyo ya ukwati pa WhatsApp, mau anga a pa Zoom amakaima pa mzere kumbuyo kwa zonsezo ngati pa chigayo. Zoom payokha sifuna zambiri, 4 Mbps ndi yokwana ngakhale pa HD, chomwe imadana nacho ndi kudikira. Kuti muone ndi maso anu, pa laputopu ya Windows tsegulani cmd (pulogalamu yolembamo ma command, Command Prompt) mulembe ping 8.8.8.8 -t muisiye iziyenda, kenako wina ayambe kutumiza vidiyo yaikulu. Manambala akalumpha kuchoka pomwe anali kufika mahandiredi angapo mwamugwira wakuba. Ine ndinangozimitsa backup m'mafoni onse kuti aziyatsa usiku pogona, laputopu ndinaika pa metered connection kuti ma update asamayambe okha. Ngati rauta yanu ili ndi SQM kapena QoS (ma setting oyendetsa mzere wa data kuti usadzadze) ikani malire a upload pansi pang'ono pa nambala yotsikitsitsa yomwe munapeza, osati yapamwamba, chifukwa liwiro la satelayiti limasinthasintha.

Chachinayi, ngati ping ikumalemba Request timed out pakanthawi kenako nkubwerera, onani mu app ya Starlink gawo la obstructions (zinthu zotchinga dishi), mwina ndi nthambi ya mango kapena thanki ya madzi. Kwezani dishi kapena dulani nthambi, funsani kaye a landilodi.

Chachisanu yezani m'mawa, masana ndi madzulo kwa masiku atatu. Download ikamatsika madzulo okha ndi kuchuluka kwa anthu m'dera lanu, palibe chomwe mungagule. Mvula yamphamvu ya dzinja nayo imadula signal, ingodikirani ikate. Zina zonse zikakanika tumizani ticket mu app ndi ma screenshot anu aja.